Zimene sindinawauze alamu anga

Lamlungu, 3 Novembala
Wafaa wabweranso mpango utakutira tsaya lonse. Mng'ono wanga weniweni kundinamiza, ati chitseko cha kabati. Ine amene ndimakhalira kuona nsagwada zotupa kuntchito! Chitseko cha zala zinayi? Mwamuna wake Medhat, Mulungu andikhululukire, ndimamufunira zoipa.

Lachiwiri, 5 Novembala
Zodabwitsa. Zipatala za mano mbwee mumzinda wa Tanta muno, koma Medhat watulukira kuchipatala kwathu. Tsaya ngati mpira. Dzino lakumapeto linamera chogona, lakanirira m'fupa. A dokotala Ragheb ati Lachinayi, kung'amba nkhama. Iye ati, "Alamu, mundigwire bwino, ndife amodzi." Amodzi ndi ndani? Ndamwetulira.

Lachinayi, 7 Novembala
Zatheka. Chibambo chonsecho njenjenje poona jakisoni, mpaka kuitana amake. Ine kapaipi koyamwa magazi dzanja ili, chitsulo chokokera tsaya dzanja linalo. Ndinakoka mopitirizako pang'ono. Dzino linatuluka zidutswazidutswa.

A dokotala atasoka anathamangira wodwala wina. Malangizo ndi ntchito yanga: luma thonje, osachukucha m'kamwa, koposa zonse osasuta kwa masiku angapo. Ukakoka utsi, magazi oundana pabalapo amachoka, fupa limatsala pamtunda, ululu wake munthu amagubuduka pansi. Medhat ndi fodya wake wa shisha kukafe komwera khofi, madzulo aliwonse osaphonya.

Ndamupatsa thonje ndi mapiritsi. Za fodya, ine duu.

Lachisanu, 8 Novembala
Medhat ndamuona pochokera kwa amayi. Pakafe yapakona, paipi pakamwa, utsi tolotolo, akumenyetsa timiyala ta masewera a domino patebulo. Kokani alamu, kokani! Ndadzigulira keke ya basbusa, ndadya ndekha, mtima mbee.

Lamlungu, 10 Novembala
Amayi ati Medhat sakugona, akubuula ngati ng'ombe, m'kamwa fungo lokhalokha. Abuule. Wafaa walira zaka zingati, anamumvera chisoni ndani? Ndamuimbira foni, osayankha. Kaya ali kukhitchini.

Lolemba, 11 Novembala
Magolovesi atha kuntchito. Foni ya Wafaa yozimitsa tsiku lonse.

Lachitatu, 13 Novembala
Wafaa pampando wa a dokotala womwe uja. Mano awiri akutsogolo othyoka, mlomo wong'ambika. Lero kabati sanamutchule. Ati anamupatsa supu yotentherapo, inakhudza bala, basi mbale uko, chibakera kumaso.

Ndiye ati, "Achemwali, dzino lija ndi limene lamuzunguza mutu. Inu munayesetsa, ndikudziwa." Kundithokoza ine!

Ndagwira kapaipi komweko, ndapukuta magazi pachibwano chake. Malangizo ndamuuza onse, mobwerezabwereza, za fodya zomwe, munthu woti sanasutepo.

Wagona kuchipinda kwanga. Nsapato zake ndabisa, sabwererako. Ndimafuna amve kuwawa Medhat, wamvadi, koma mano wataya ndi mwana wa amayi anga. Medhat ndikudana naye kuposa kale. Ndikudzidanso ndekha.

Mawa Medhat akubwera kudzatsukitsa bala. A dokotala ati ndikonzeretu zitsulo. Adzayasamula, ine nditaimirira pamutu pake, ndipo manja angawa sindikudziwa ngati adzandimvera.