Sikisi Koloko Yolakwika

Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndamva kuti mkazi wanga anafikira kwa inu, ndipo zikomo pomutsegulira chitseko. Mwina wakuuzani kuti anagwa m'bafa. Sanagwe, Achemwali. Ndinamumenya ine.

Mukudziwa kuti kufakitale ya matumba kuja amatisinthasintha: masiku atatu usiku, masiku atatu m'mawa. Chaka chachiwiri chino tulo sindikudziwa kuti n'chiyani. Masana ndimangogubuduka pabedi, maso gwa, koma ndikafika pamakina mutu umangogwa wokha. Kapitawo ananditulukira ndikuwodzera kawiri, n'kundilozera chala kumaso: "Iwe, ukadzangochedwa kapena kugonanso, usadzalowe pageti pano."

Ndinapita kwa adokotala. Anandiyeza magazi n'kupukusa mutu. "Bambo, thupi lili ndi wotchi yake m'mutumu," anatero. "Imayendera kuwala kolowa m'maso. Kukada imaitana tulo, kukacha imakudzutsani. Inuyo mukuipotokola masiku atatu alionse, ndiye mtima ukuthamanga, mukuiwalaiwala, kukwiya sikuchedwa. Muzigona m'chipinda chamdima." Ndinakhomera bulangete pawindo ndi misomali, m'chipinda mukhale bii.

Lolemba ndinaweruka ntchito yausiku, ndipo Lachiwiri ndimayenera kulowa sikisi koloko m'mawa. Ndinamuuza mlamu wanuyo kuti, "Mayi a mwana, chonde mudzandidzutse folo koloko m'bandakucha." Iye anati, "Gonani bambo, ndilipo." Tulo tinabwera masana dzuwa litapendeka, tolemera ngati thumba la simenti.

Ndikudzidzimuka, wotchi ya pampando ikuti sikisi koloko! Ntchito yatha basi, ndinatero mumtima. Ndinamenya chitseko ndi phazi mpaka chinazuka. Ndinamupeza pakhonde akusita malaya anga a kuntchito, akuimba. Kuimbako n'kumene kunandipengetsa.

"Ukuimba? Wandichotsetsa ntchito, ukuimba?"

"Bambo, tadikirani, panopa ndi..."

Sanamalize. Wotchi ija inali m'manja mwanga, yachitsulo, ndipo ndinamumenya nayo m'mutu. Anagwera patebulo, makala a m'simbi anamwazikira pansi, ine n'kumupondanso m'nthiti kawiri. Magazi anali chuchuchu m'khosi. Mwana wathu wamkazi anandigwira mwendo akukuwa, ndinamukankhira kukhoma. Ndinatola nsapato n'kuthamanga.

Pamsewu ndinaona anthu akubwerera kunyumba, majumbo m'manja, ana akusewera mpira. Dzuwa linali kumadzulo, Achemwali. Inali sikisi koloko yamadzulo, Lolemba lomwe lija. Ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande, nsapato m'manja. Pobwerera ndinapeza aneba atamutengera kale mkazi wanga kuchipatala.

Musaganize kuti ndikubisala kumbuyo kwa adokotala. Anzanga onse pamakina sagona, koma akazi awo ali ndi nthiti zonse. Manyazi akundidya, ndipo ndikuopa manja angawa. Ntchito ndasiya ndekha. Ngati mkazi wangayo akufuna kupita kupolisi, mumuperekeze, andipeza pakhomo. Musamukakamize kubwerera kuno, ngakhale kuti n'zimene mtima wanga ukulira.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mwana wanga musamuuze kuti ndalemba, mumusiye ayambe wafunsa yekha. Mayi akewo muwauze kuti ndapepesa, ngati angalole kumva dzina langa. Aneba akuti khutu lawo lakumanzere silikumvanso, ndiye powauza mukaime kumanja.

Ndine,
Mlongo wanu