Tsabola m'botolo la matimati

Lolemba, 6 Febuluwale

Matimati ena a m'bedi la Bambo kudimba afota. Masamba ngobiriwira bwinobwino, koma agwa ngati zovala zonyowa pachingwe. Ndawathirira, chonsecho mvula inagwa dzulo. China chochita sindikuchidziwa.

Bambo chimodzimodzi. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, phala, mapiritsi. Dzanja lamanja likadali pabulangeti pomwe ndinaliika m'mawa. Chitulukireni m'chipatala sanatulutsepo liwu. Adokotala anati sitiroko imatero, ena amadzayankhula, ena ayi, tidikire. Ndikudikira.

Kuntchito andiwonjezera tchuthi. Abwana anati usadandaule mwana wanga. Sindikudandaula. Sindikumva chilichonse.

Lachiwiri, 7 Febuluwale

Madzulo amadzuka, masana n'kufotanso. Matimati, osati Bambo.

Lachinayi, 9 Febuluwale

Ndinapita kusitolo ya mankhwala a mbewu, tsamba lili m'kajumbo. Wogulitsa sanalitulutse n'komwe. Anangoti ndi chiwawu chimenecho, nthawi ya mvula ino aliyense akulira nacho. Anandipatsa ufa wosungunula m'madzi. Ndapopera ndi sipuleya ya Bambo. Malamba ake anawakonza molingana ndi mapewa awo, ine imandimenya m'matako ndikamayenda. Sindinawasinthe.

Achimwene anaimba. Akuti mdala azikakhala kwawo, kuli mtsikana wantchito, chipatala chili pafupi. Nyumba ino tiikemo anthu a lendi, kadimba kakuserika athirepo simenti. Ine ndibwerere kuntchito ndisanaiwalike.

Ndinati chabwino, ndiganiza. Sindinaganize. Ndinachapa mashiti.

Loweruka, 11 Febuluwale

Theka la bedi lagona. Mankhwala aja sanathandize.

A Wailesi, mayi a kuseri kwa mpanda, anasuzumira ndikupoperanso. Anayamba ndi za mwana wawo, za mtengo wa sopo, za mpongozi wosadziwa kukolopa. Kenako anati, "Iwe, ukungosambitsa maliro. Chiwawu chimakhala ndi madontho, awa alibe. Dula tsinde limodzi uliviike m'tambula ya madzi."

Ndinadula, ndinaviika. Tinaima chete, mwina koyamba m'moyo wawo. Patapita kanthawi, kunsonga kwa tsinde kunayamba kutsika tiulusi toyera, pang'onopang'ono ngati utsi wolowera pansi. Madzi anachita mbuu.

Akuti matendawa ali m'nthaka, alowa m'mizu, mankhwala ake kulibe. Ndizule onse nditenthe, ndipo pamenepo ndisadzalenso matimati kwa zaka. Ndinati chabwino. Ndinati bola bedi linalo lili bwino, lomwe ndinafesa ndi kuwokera ndekha Bambo ali m'chipatala.

Analiyang'ana. "Nanga tsabola yenseyu mudya ndi ndani?"

Ndinati ndi matimati. Anaseka mpaka kugwira mpanda. Akuti ndifikise tsamba ndinunkhize. Silinanunkhe matimati.

Lamulungu, 12 Febuluwale

Ndatsitsa katoni ya mbewu pamwamba pa kabati. Bambo amasunga mbewu m'timabotolo ta mapiritsi, kalikonse ndi kapepala komata. Botolo lomwe ndinatapamo lalembedwa MATIMATI AAKULU. Dzanja lawo, zilembo zoimirira ngati za pachikwangwani. Palibe polakwika, kungoti m'katimo ndi tsabola.

Achimwene anabwera masana ndi alamu. Ndinalakwitsa kuwauza za tsabolayo. Achimwene anatenga botolo, naima nalo kumapazi kwa bedi la Bambo.

"Waona? Mutu unayamba kale kusokonekera, ife osadziwa. Munthu wadzala matimati moyo wake wonse angalembe zimenezi? Mlongo wanga, vomereza. Amene ukumuyankhulayu sakukumva."

Bambo anali kuyang'ana kudenga. Malovu pang'ono pakona ya mlomo. Ndinawapukuta.

Mwina achimwene akunena zoona. Ndimawauza Bambo zonse ndikamawasambitsa, kuti kunja kwachita mitambo, kuti mpopi ukudontha. Mwina ndimangouza khoma.

Alamu anasiya malalanje ndi matewera a akuluakulu. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndaonda.

Lachiwiri, 14 Febuluwale

Ndazula onse. Ena anali ndi timatimati kale, tobiriwira, tolimba ngati miyala. Mitengo yoimikira ndi tinsanza tomangira, zonse pamoto. Mfundo zake zinali za Bambo, zija amamanga kawiri. Zinthu zaziwisi sizipsa msanga, utsi unadzaza bwalo lonse, a Wailesi anatsokomola mokweza kuti ndimve.

Ndalowa m'nyumba ndipo ndazindikira kuti katani ya kuchipinda kwa Bambo inali yotsegula. Bedi lawo limayang'ana kudimba. Sindikudziwa ngati anaona. Sindikudziwa ngati kuona kulipo.

Phala anadya theka.

Lachitatu, 15 Febuluwale

Ndawauza achimwene kuti abwere ndi galimoto Lamulungu.

Lachisanu, 17 Febuluwale

Kulongedza. Mapijama, kapu yawo, chikalata cha kuchipatala, magalasi ngakhale sawerenga. Nsapato ndinaika, ndinachotsa, ndinaikanso. Sutikesi sinadzaze.

Tsabola akukula ngati wauzidwa. Wayamba maluwa oyera. M'nyumba muno palibe amadya tsabola, Bambo amawatentha pamtima.

Ndinakhala pakhonde mpaka tiyi kuzizira. Ndinamwa choncho.

Loweruka, 18 Febuluwale

Amalume anabwera kudzatsanzika. Alongo awo a malemu mayi. Bambo ankawatchula kuseri kuti a Tandigawireko, chifukwa sachoka pano chimanjamanja. Khasu, chingwe, misomali, chilichonse. Lero anayang'ana kale wilibala.

Ndinawaikira mpando pafupi ndi bedi. Katoni ya mbewu inali patebulo, ndimafuna kuitaya. Anaiona, natola botolo lija la MATIMATI AAKULU, naligwedeza kukhutu.

"Ili ndiye ndimalidziwa," anatero. "Alamu angawa, Mulungu awachiritse, koma mbewu zawo n'zabodza. Kwawo kuno matimati ngati zibakera. Ine ndikatapako pang'ono m'botolo lomweli, kwanga kumamera tsabola. Chaka chatha tsabola, chaka chinacho tsabola. Azakhali ako mpaka anandifunsa ngati ndatsegula fakitale."

Ndinafunsa ngati Bambo ndiwo ankawapatsa.

"Kupatsa? Pachibale timapemphana? Ndinkangotapa akapita kukatenga tiyi."

Pamenepo pabedi panamveka phokoso. Ngati munthu watsamwa. Ndinadumpha, ndinawadzutsa, ndinayamba kuwamenya pamsana monga anandiphunzitsira anesi. Chifuwa chikugwedezeka, nkhope yofiira, misozi m'diso lamanzere. Amalume anayamba kale kupemphera.

Sanatsamwe. Amaseka. Mbali imodzi yokha ya mlomo, mawu ngati chitseko chadzimbiri, koma kuseka kwake ndi komwe kuja, kotseka maso. Akati aleke, ayang'ana amalume, n'kuyambanso.

Amalume anasiya pemphero pakati. "Alamu, munkachita dala?"

Bambo anatambasula dzanja lamanzere kuloza katoni. Ndinaiika pamiyendo pawo. Anafufuza nthawi yaitali, timabotolo tikugwa. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha ndi chigongono. Anatulutsa kamodzi ka pansi penipeni, n'kukaika m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga pamwamba pake kuti amalume asaone.

Ndinakaona ndili kukhitchini. TSABOLA WOWAWA KWAMBIRI. Ndinathira pang'ono pachikhatho. Timbewu tating'ono, totuwa, taubweya. Sindine mlimi, koma sabata ino ndaphunzira nkhope ya tsabola. Uyu si iye. Awa ndi matimati.

Ndinakhala pansi pa simenti pafupi ndi sinki. Kuchipinda amalume anali kudandaula kuti zaka zonsezi, munthu n'kumakupatsa moni bwinobwino. Bambo anayambanso chitseko chawo chija.

Ndiye kuti Lamulungu lija anamva zonse. Ndiye kuti utsi uja anauona.

Amalume apita opanda wilibala, akuti akwiya. Foni ya achimwene yalira kawiri, akufuna kudziwa nthawi ya mawa. Sindinayankhe. Ndinabwerera kuchipinda ndi botolo, ndinawauza Bambo kuti nthaka ya m'bedi mwawo yadwala, sitingafesemo. Ndinati pali ndowa ziwiri zobooka kuseri, ndi matumba, dothi ndikatenga kwina.

Anandiyang'ana, osati kudenga, ine. Anakweza zala zitatu.

Ndikupita kwa a Wailesi kukapempha ndowa yachitatu.