Mayina Awiri pa Chiliza Chimodzi

MAYI VERONICA LIKHUTCHA
3 Marichi 1948 – 14 Juni 2019

Amayi, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni. Munapuma Lachisanu masana m'nyumba mwanu ku Nkolokosa, ndipo tinakuikani Lamulungu ndi mwambo wonse wa mpingo. Mpaka lero manda anu alibe chiliza. Anthu amayesa kuti ndi ulesi wathu. Zoona zake n'zakuti ife ana anu atatu tinalephera kumvana dzina loti tilembepo.

Munabadwira ku Ndirande m'banja la Chisilamu, dzina lanu Mwanamisi. Munabatizidwa pa Pasaka wa 1971, musanadziwane n'komwe ndi malemu bambo athu, ndipo munkakonda kutsindika zimenezi kuti wina asamati munangotsatira mwamuna. Kuyambira tsiku limenelo munali Veronica. Lachinayi lililonse yunifolomu ya amayi a mpingo inkakhala yosita kale m'mawa. Alongo anu a Sulaiman akabwera kudzacheza, munkawagwirira nkhuku kuti azinge okha, kenako n'kumatsutsana nawo za Mulungu pakhonde mpaka tiyi kuzizira, nonse mukuseka.

Tili ana munkatiwolotsa msewu ku Limbe, pokwerera maminibasi a ku Bangwe. Simunkalola kuti tikugwireni dzanja. Munkatigwira inuyo pamkono, molimba mpaka zala zanu kudinda pakhungu. Munkati mwana akaona chowala amataya dzanja, choncho wogwira azikhala wamkulu. Fanizo lomweli munkaliperekanso kwa amayi anzanu akamada nkhawa ndi chipulumutso chawo. Munkawauza kuti si ife tinamugwira Ambuye, ndi Iye anatigwira.

Matenda oiwala anayamba mu 2016. Munayamba kuiwala makiyi, kenako njira ya kumsika, kenako mayina a adzukulu, kenako athu. Nyimbo za kutchalitchi zinatha imodziimodzi. Pofika 2018 munali mutasiya Chichewa, mukungoyankhula Chiyao, chimene ife sitimva bwino. Tikati amayi, simunkacheuka. Tikati Veronica, munkayang'ana kukhomo ngati mukudikira mlendo ameneyo alowe. Munkavomera a Sulaiman okha, akati Mwanamisi.

Kumzikiti akaitana, munkapempha madzi m'beseni. Munkasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kufunda mpango kumutu, n'kuyala chitenje pansi moyang'ana kumpoto, n'kumanena mawu amene munaphunzira muli kamtsikana. Chitenje chimene munkayalacho chinali cha mpingo, chija munagula pa chikondwerero. Simunkaona kuti chalembedwa chiyani. Abusa anabwera ndi mgonero kawiri. Ulendo wachiwiriwo, mu Epulo 2019, munawalandira mwaulemu ndi manja awiri, koma pakamwa munatseka. Palibe anakukakamizani. Abusa anabwezera zonse m'chikwama, napemphera, napita.

Godfrey, mwana wanu woyamba, amati munthu angathe kutaya chimene analandira, ndipo chimawerengedwa ndi mathero ake. Sanena izi mwankhanza. Koma kumanda sanapiteko chikuikireni. Olivia, amene anakusamalani mpaka tsiku lomaliza, amafunsa kuti munthu wosadziwa dzina lake angakane bwanji Mbuye wake. Komabe nayenso, amene akukhala m'nyumba mwanu, akamva kuitana kwa kumzikiti amapezeka waimirira, beseni lili m'manja. Amalume a Sulaiman sanatitsutsepo pa za maliro. Anangonena kamodzi kuti mlongo wawo anabwerera kwawo, ndipo kuti anamwalira Lachisanu, tsiku lopatulika kwa Asilamu. Akalamba tsopano, ndipo amakutchulanibe m'mapemphero awo.

Ine Hawkins ndimasunga madeti, koma mlandu uwu madeti saugamula. Ndafunsa abusa atatu, ndipo mayankho awo sanafanane. Chimene ndingachitire umboni ndi chimodzi. Lolemba pa 10 Juni 2019 ndinakutengerani kuchipatala. Minibasi inatitsitsa kutsidya kwa msewu. Munali mutatha zaka ziwiri osandidziwa, ndipo tsiku limenelo simunanditchule dzina lililonse. Titafika m'mphepete mwa msewu ndinatambasula dzanja kuti ndikugwireni. Munalikankha, n'kundigwira inuyo pamkono, malo omwe aja, mpaka titawoloka. Titafika uko munanditaya n'kundiyang'ana ngati munthu wachilendo.

Sindikudziwa ngati zimenezi zikuyankha nkhawa ya Godfrey. Ndinamufotokozera mwezi watha. Anasisita mkono wake, kenako anavomera kubwera kumanda.

Choncho Loweruka likubwerali, pa 21 Juni, tikukavundukula chiliza chanu. Vesi palibepo, chifukwa pamenepo sitinamvanebe. Talembapo mayina onse awiri, Veronica Mwanamisi, poti sitikudziwa limene akukuitanirani kumene muliko, ndipo tikuopa kuti angaitane inu osacheuka. Pemphero lathu latsala limodzi: Amene anakugwirani mu 1971 akhale kuti anagwira pamkono.

Okulirani ndi ana anu Godfrey, Olivia ndi Hawkins, alongo anu a Sulaiman, ndi adzukulu anu asanu ndi awiri.

Munatiiwala mosafuna, amayi. Ife mayina anu onse awiri sitidzawaiwala.