Kadisiki Koingitsa Mbalame

Itawa, Ndola
14 April 2002

Okondedwa Atate,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kufika kumunda? Nanga Amayi, chifuwa chinaleka? Ife kuno tikudzuka bwino, Racheal ndi ana omwe. Koma tauni yazizira. Chigulitsire migodi, anzanga ambiri amangokhala pansi pa mitengo ya mango kuyang'ana msewu.

Mukukumbukira kandege koyera ka mgodi kaja, kamene ndakhala ndikukakonza zaka zonsezi? Pamene zonse zinkagulitsidwa, anakagula ba Gwen, mayi woyendetsa ndege, pamodzi ndi anzawo awiri, kuti kazinyamula odwala. Ine ananditenganso. Injini ikulira bwino, mapiko ali bwino. Masana ndikakhala pamthunzi wa phiko lake ndimaiwala zonse, ndimangoona ngati kayamba kale kuthamanga, udzu ukugona, ine ndili m'kati.

Vuto ndi ili. Kutsogolo kwa woyendetsa kuli kabokosi kosonyeza njira. Pulogalamu yake ndi mapu ake zakalamba, ndipo aboma oyendera ndege anati kasanyamuke mpaka tithiremo zatsopano. Zimathiridwa kuchokera mu kompyuta kudzera pa chingwe cha mano naini. Kompyuta yathu yakale inali ndi chibowo cha mano amenewo, koma inapita pa okushoni pamodzi ndi mipando ndi makatani. Ba Gwen anabweretsa yatsopano, yopyapyala, yosiririka. Chikomekome cha mkuyu! Chibowocho ilibe.

Chaka chatha tinagula adaputa, kachingwe kolumikiza zakale ndi zatsopano. Ndikakalowetsa, kompyuta ikuti sikukadziwa, ikungoonetsa kachizindikiro kachikasu. Imafuna kapulogalamu koiphunzitsa kulankhula ndi kachingweko, amati draiva. Atate, ndazimitsa, ndayatsa, ndasintha zibowo, ndapemphera ndi kupemphera komwe. Ndinakwera minibasi mpaka ku Kitwe kwa Terence, mnzanga wokonza makompyuta ku komboni ya Ndeke. Iye anaika draiva ya adaputa ina, kompyuta n'kusanduka buluu yonse, n'kuuma gwa! Anati tifufuze pa intaneti, koma kachingweko kalibe ndi dzina lomwe la amene anakapanga. Tifufuza chiyani?

Kenako Terence anafunsa ngati m'paketi munalibe kadisiki. Kalanga ine, kanalimo! Ndinakasunga kunyumba poti denga la kuntchito limadontha. Nditafunsa Racheal anagwira pakamwa. Anati pa Khirisimasi, mutadandaula za mpheta zimene zimamaliza mapira, anakusonkhanitsirani madisiki onse akale amene ofesi ya mgodi inataya, kuti mukawapachike m'munda azikanyezimira. Kathu kaja kanapita nawo. Sindinamukalipire, ndinaseka mpaka misozi. Ndege ya anthu yalephera kuuluka chifukwa mankhwala ake akulondera mapira ku Katete!

Koma kusekako n'kwa pakamwa chabe. Anzawo a ba Gwen atopa. Anena kuti mwezi wa May ukatha kandege kasanauluke, akagulitsa kwa odula zitsulo. Anthu amenewo ndinawaona akudula ngolo za pansi pa mgodi, sachedwa ayi. Ndikuopa, Atate. Ntchito ipita, inde, koma chimene chikundiwawa kwambiri n'kuganiza macheka ali pa phiko lija.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Pitani m'munda muyang'ane kadisiki kakang'ono kuposa onse, kokwana pachikhatho, kolembedwa zofiira mbali imodzi. Chonde Amayi asakakweche ndi phulusa kapena mchenga monga amachitira ndi mapoto, ndikuwadziwa ine. Mukakulunge m'kansalu kofewa, mupatse a Mathias akamabwera ndi mtedza wawo kuno ku Ndola. Mwina dzuwa ndi mvula zakapha kale, sindikudziwa. Tikayese basi.

Ba Gwen alonjeza kuti kandege kakadzuka, ulendo woyamba ndi wa ku Chipata, ndipo ine ndidzakhala pampando wa pambali pawo. Zaka zonsezi ndakhala ndikukweza anthu ena n'kuwatsekera chitseko, ine phazi langa silinachokepo pansi. Masiku ano ndimalota ndili maso. Ndimaona Luangwa ili pansi panga, mapiri akucheperachepera, mitambo ikudutsa pawindo mwakachetechete. Ndinafunsa ba Gwen ngati tingadzere pamwamba pa kwathu. Anaseka, n'kunena kuti ukakhala kumwamba midzi yonse imafanana, nanga ine ndidzauzindikira bwanji wathu? Yankho lake ndalipeza nditayamba kulemba kalata ino.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa azakhali a Catherine, kwa amalume a Nicodemus ndi apabanja awo, ndiponso kwa mlongo wanga Petronella amene akukuwerengerani kalatayi. Asaseke kwambiri, ndikumumva ndili kuno. Racheal akupepesa, ana akuti moni kwa agogo.

Chomaliza, chotsani kamodzi kokhako. Madisiki enawo muwasiye pomwepo, ngakhale mutakolola mapira, ngakhale mpheta zitapita. Ndikadzaona munda umodzi ukuthwanima pakati pa minda yonse, ndidzadziwa kuti ndi wanu. Inu mukadzamva kulira kumwamba, mudzangoimika khasu n'kukweza chipewa.

Ndine mwana wanu amene akudikira a Mathias,

Lighton