Mafupa a Amayi Asiyeni pa Tengwe

Komboni ya pa Mlambe,
Tengwe.

Okondedwa amalume a Laxon,

Ndikukupatsani moni nditagwada. Muli bwanji kumeneko ku Dedza, inu ndi onse a pakhomo? Mwendo uja unkakuvutani nthawi yozizira unaleka kutupa? Kuno tili bwino. Abambo maso akuchepa ndipo akuyendera ndodo, koma pakamwa pokha sipanakalambe.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu ndisanamalize, ndiye ndati pepala lokha simungalidule.

Uthenga wanu ndinaumva. Mwati mvula ikatha mubwera kudzafukula mafupa a mlongo wanu, amayi athu, kuti mukawaike kumudzi, poti mwamva kuti mwini pulazi watsopano akufuna kulima fodya pamanda. Simunamve bodza. Bamboyo anakhomadi zikhomo kuzungulira manda onse a anthu a m'komboni, ndipo chimodzi chinali kumiyendo kwa amayi. Tsiku lomwe ndinachiona ndinalira ngati maliro achitika kumene.

Koma nkhani munaimva theka. Theka linalo ndi mphwanga Jesinta.

Inu munachoka kuno nthawi imene mapulazi a azungu ankalandidwa, iye ali pasukulu ya unamwino ku Chinhoyi. Mwina m'maso mwanu akadali kamtsikana kaja kankathawa kukasankha fodya n'kukabisala kuseri kwa tchalitchi ndi buku. Ine ndinkamukwiyira, poti mbali yake ya ntchito inkagwera ine. Mpaka lero ndimamuuza kuti ulemu wake wonsewu theka ndi wanga.

Atamaliza maphunziro anamupatsa ntchito pachipatala cha m'tauni, pali magetsi ndi madzi a m'mpope. Anangokhalapo pang'ono n'kupempha kuti amubweze kumapulazi. Tonse tinati wapenga. Kiliniki ya papulazi inali itatsekedwa, ndiye anayamba kuonera odwala m'chipinda chimodzi cha shedi yosankhiramo fodya. Ana ambiri a kuno mpweya wawo woyamba unali wa fungo la fodya.

Kolera itabwera, Jesinta ankazungulira makomboni pa njinga, chigubu cha madzi a mchere ndi shuga atachimanga kumbuyo. Anaonda mpaka yunifolomu inkangolendewera. Sankafunsa kuti uyu ndi Mshona, uyu wa ku Tete, uyu wa ku Malawi. Koma kukalipa ankakalipa, amalume, makamaka azibambo okana kukumba zimbudzi. Pakamwa anatengera abambo.

Zandale sanazifune yekha. Amayi a m'makomboni ndi omwe anamuumiriza. Anamuuza kuti atopa kutumiza ku Harare anthu omwe sadziwa ngakhale njira yolowera m'komboni. Iye anakana, iwo anabweranso, mpaka anavula chipewa cha unamwino n'kuima pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo.

Pamisonkhano tinatukwanidwa. Otsutsana naye ankati mubwidi, munthu wopanda mutupo, umene ndi mfunda pa Chishona, sangalankhulire eni nthaka, apite kwawo ku Bulantaya. Jesinta ankangowayankha kuti pamene ankabadwitsa akazi awo palibe anamufunsa mutupo. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tsiku lovota abambo anavala jekete lawo la kutchalitchi. Moyo wawo wonse ankauzidwa kuti ndi mlendo, ndipo voti yawo yoyamba anaponyera mwana wawo. Zotsatira zitatuluka kuti wapambana, komboni yonse inathamangira kumsewu, ena opanda nsapato. Amayi a ku Tete ankalulutira limodzi ndi Ashona omwe anagawiridwa minda. Ine ndinavina mpaka chitenje chinamasuka, ndipo sindinachite manyazi.

Tsopano za manda. Jesinta anayamba wapita yekha kwa mwini pulazi, mwaulemu, osatenga ngakhale galimoto ya boma. Bamboyo anamuuza kuti iye sakuonapo manda, akungoona zulu za chiswe, ndipo ngati pali anthu pansipo ndi alendo, eni ake adzawatenge. Mphwanga anabwera kunyumba. Anakana tiyi, anangoti nkhaniyi akaiyankhulira kumene anthu anamutuma.

Tsiku loti ayankhule litafika tinadzaza sitolo ya pa Tengwe masana, tikuonera pa wailesi ya kanema. Anaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kuyamba m'Chingerezi, monga amachitira onse. Ali pakati anaima, n'kuvula magalasi, n'kupitiriza m'Chichewa. Chichewa chathu chomwechi cha m'komboni, chimene tinkanong'onezana tikakwera kombi kuti anthu asatizindikire.

Wina anakuwa kuti ayankhule chiyankhulo cha dziko lino. Iye anayankha modekha kuti malamulo aakulu a dziko amawerengera Chichewa pakati pa ziyankhulo zake, ndipo amene anali pampando anamulola kupitiriza.

Anati iye ndi namwino, ndipo ntchito yake inali kulandira anthu akamafika m'dziko muno ndi kuwatseka maso akamachoka. Anati ana omwe anawabadwitsa m'shedi michombo yawo inagwera m'nthaka ya Tengwe, ndipo agogo awo omwe anagwetsa mitengo, kukumba madamu ndi kuwotcha fodya agona m'nthaka yomweyo. Anafunsa kuti munthu amene thukuta lake, mchombo wa mwana wake ndi mafupa ake zonse zili pamalo amodzi, ulendo wake umatha liti. Kenako anatchula dzina la amayi, Carolina, n'kunena kuti mayi ake si chulu.

M'sitolo muja abambo ankangopukuta m'maso ndi chipewa.

Chimene sitinachiyembekezere ndi ichi. Phungu wina wa cha ku Shamva, bambo wa dzina la Chishona amene tonse tinkamudziwa ngati Mshona weniweni, anaimirira. Anayankhula Chichewa chothyokathyoka, chonga cha mwana wophunzira kuyankhula. Anati agogo ake aakazi anachokera ku Ntcheu, anaikidwa kuseri kwa komboni ya mgodi, ndipo iye wakhala akubisa zimenezi kuyambira ali pasukulu. Atakhala pansi anaimirira wina wa chipani china, kenako winanso. Amalume, tilipo ambiri kuposa momwe tinkaganizira, ena anangovala masuti.

Patapita milungu kunabwera aphungu ndi akuluakulu a boma kudzaona okha. Jesinta anawayendetsa mtumbira ndi mtumbira, nkhalamba za m'komboni zikutchula wogona pamenepo ndi mudzi umene anachokera. Zikhomo zinazulidwa tsiku lomwelo. Lero manda ali ndi mpanda wa waya, ndipo geti lake layang'ana kukomboni kuti tizilowa osapempha munthu. Mitengo ya mpandawo inanyamulidwa ndi thalakitala ya mwini pulazi yemwe uja. Sindinamuseke pamaso, ndinadikira kufika kunyumba.

Za manda a m'mapulazi ena akukambiranabe ku Harare, ndipo mphwanga wati sasiya mpaka lamulo lituluke. Amene amamudziwa sakukayika.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti inu ndinu mwinimbumba, ndipo pa za mlongo wanu mawu omaliza ndi anu. Ndikudziwanso kuti mumakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma kuno sikulinso kuthengo. Mukawafukula amayi tsopano, mukhala mwavomereza mawu a bambo uja akuti alendo adzatengedwe ndi eni ake. Jesinta anaima pamaso pa dziko lonse n'kunena kuti mayi ake ndi a pano. Musamusandutse wabodza.

Bwerani ndithu mvula ikatha, koma khasu mulisiye. Tikufuna kumanga chiliza, ndipo sitingaike mwala woyamba popanda inu.

Nditawauza abambo kuti ndikukulemberani, anandiuza kuti ndiikemo mawu awo osachotsa kanthu. Ati ndikukumbutseni, alamu awo, kuti poika amayi munali inu ndi iwo amene munaonetsetsa kuti mutu waloza kumpoto, monga tinkachitira ndi aliyense, kuti mzimu usasochere pobwerera kumudzi. Ati iwo tsiku lawo likafika, tisadzavutike kufunafuna kumpoto. Tidzangowagoneka pambali pa mkazi wawo, mutu uloze kulikonse, poti alibenso ulendo. Ndipo ati ndikufunseni kuti mukawatenga amayi, iwo adzagona pambali pa yani.

Funso limenelo ine ndalisiya m'manja mwanu.

Mundiperekere moni kwa amayi a kunyumba, kwa asuweni anga onse, ndi kwa a mpingo omwe amatikumbukira m'mapemphero. Jesinta wati akakuchingamirani yekha pa Karoi. Ambuye akusungeni, akulimbitseni mwendo, ndipo akufeweretseni mtima.

Ndine mdzukulu wanu,
Tecla