Chifukwa Chimene Sindinakatetezere Chikho

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomopo. Kodi bondo lija layamba kukulolani kuyenda? Achemwali anandiuza kuti mankhwala mumamwa pokhapokha iwo akakuimirirani. Chonde musamatero. Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha ndicho chinandivuta sabata yatha, koma chapita.

Kuntchito atibweretsera makina atsopano osokera, aliwiro moti tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kusokerera chala changa pa kolala ya yunifolomu. Mpope wa kubafa uja eni nyumba aukonza, titadandaula miyezi iwiri. Mnzanga amene ndimakhala naye akukwatiwa, ndiye posachedwa nditsala ndekha.

Koma si zimenezi zandilembetsa kalata. Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni monga mwa masiku onse. Pafoni ndinakunamizani, ndipo ndikudziwa kuti ndikangomva mawu anu ndinamanso.

Ndinakuuzani kuti chikho cha chesi cha anthu apantchito mumzinda muno, chimene ndasunga zaka zitatu, chandichoka chifukwa amayi akapitawo anandimana tchuthi tsiku lokachiteteza. Si zoona, Bambo. Ndinachita mantha. Ndiloleni ndifotokoze bwino, chifukwa ndatopa nalo bodzali.

Chaka chino ku kalabu kwathu kunabwera namwino wina, mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene amafika atavala nsapato zake zoyera za kuchipatala. Anagonjetsa onse m'mipikisano yachipulula, ndipo anakhala iye wodzakumana nane. Lamulo ndi lakuti mwini chikho akapanda kubwera pa tsikulo, chikho chimapita kwa mnzakeyo.

Masana ena ndinam'peza yekha m'holo ya pamwamba pa laibulale, momwe timasewerera, ndipo anandipempha kuti tisewere zongocheza. Tinasewera katatu. Katatu konse anandigonjetsa. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sindinaone pamene ndinalakwitsa. Ulendo wachitatu ndinkadziona kuti ndili patsogolo, mpaka anapereka dala mfumukazi yake, ine n'kuidya mokondwa, kenako mfumu yanga n'kusowa kothawira. Anandithokoza, n'kuyang'ana wotchi, n'kumapita kuntchito. Palibe wina anaona.

Kuyambira pamenepo ndikangoona bolodi la chesi ndinkayang'ana kumbali. Ndinkaganiza za holo yodzaza. Ndinkaganiza za anzanga a kufakitale amene amabwera kudzandichemerera, ngakhale sadziwa kusiyanitsa hatchi ndi bishopu. Ndinkaganizanso za inu, amene mumauza aliyense wobwera kudzakonzetsa wailesi kuti mwana wanu wamkazi amagwaditsa amuna amataye. Ndinkati ndikagonja pagulu anthu anena kuti zaka zitatu zonsezi ndinkangochitira mwayi.

Akapitawo anali atandipatsa kale Loweruka lonse. Lachinayi ndinalowa ndekha mu ofesi mwawo n'kuwapempha kuti andilembe pa anthu ogwira ntchito tsikulo. Anadabwa, n'kundifunsa za mpikisano. Ndinawauza kuti ausintha tsiku. Nditatuluka, ndinaimbira apampando a kalabu n'kuwauza kuti kuntchito andikaniza. Madzulo ake ndinaimbira inu. Mabodza atatu tsiku limodzi, ndipo onse anatuluka mosavuta, ine ndemwe mpaka kudzidabwa.

Loweruka ndinakhala pa makina kuyambira m'mawa. Nthawi yoyamba mpikisano itakwana, ndinkangoyang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo ndinasoka matumba asanu chozondoka. Ndinamva pambuyo pake kuti namwino anakhala ola lathunthu kutsogolo kwa mpando wopanda munthu, manja ali pamwendo, anthu akumuyang'ana. Atam'patsa chikho, ena sanaombe m'manja.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma Lachiwiri, pa nthawi yopuma masana, apampando anatulukira kufakitale. Ndi bambo wamtima wapachala, ndipo amandikonda ngati mwana wawo. Anaimirira pakhomo la chipinda chodyera, anthu onse alipo, n'kuyamba kukalipira akapitawo. Anawanena kuti ndi munthu wankhanza, wansanje, wosafuna kuona mkazi mnzake akutchuka. Ine ndinali nditakhala patebulo lachiwiri, kapu ili m'manja. Akapitawo anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinaweramitsa mutu. Kenako ndinawamva akuuza apampando kuti pepani, ntchito inalipo yambiri, sakanachitira mwina.

Anandisenzera bodza langa, Bambo, pamaso pa anthu amene amawayang'anira. Sabata yonse anzanga sankawapatsa moni. Tsiku lina poweruka anandiimitsa pa masitepe, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndakubisirani kamodzi aka. Koma tsiku lina mukadzafuna kubwereka dzina langa, muzidzayamba mwandipempha." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Patapita masiku awiri namwino anandidikirira pageti kuntchito. Anati anadziwa kuyambira pachiyambi kuti nkhani ya tchuthi ndi yongopeka, chifukwa anaona mantha pankhope panga polongedza zosewerera masana aja. Ndinkayembekezera kuti andiseka. Koma anandiuza kuti nayenso sabata ya mpikisano chakudya sichinkalowa, poganiza kuti tsiku lija ndinkangomuyesa, ndipo luso langa lenileni ndabisira tsiku la chikho. Anati chikhocho anachiika m'kabati kuseri kwa mapoto, chifukwa akachiona amangokumbukira mpando wopanda munthu uja. Apa m'pamene ndinalira. Ndinali nditalanda munthu chimwemwe chimene anachikhetsera thukuta.

M'mawa mwake ndinaimirira m'chipinda chodyera chomwe chija n'kunena zonse. Ena anaseka, ena anangopukusa mutu. Mmodzi anafunsa ngati chesi chimaluma. Akapitawo anangoti nthawi yatha, tibwerere ku makina. Ku kalabu kunali kovuta kuposa apo. Apampando anati chimene chawapweteka n'chakuti ndinawatumiza kukanyoza munthu wosalakwa. Anapita okha kukapepesa kwa akapitawo. Komiti yandiletsa kupikisana nawo chaka chimodzi, ndipo sindinadandaule.

Lamlungu lapitali ndinakasewera ndi namwino kunyumba kwake, patebulo la kukhitchini, ana ake akutizungulira. Anandigonjetsa kawiri, kachitatu tinalepherana. Ndikanapita tsiku lija mwina ndikanagonja, mwina ayi. Sindidzadziwa, ndipo wandimana kudziwako ndine ndemwe.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Achemwali andiuza kuti amuna awo, alamu, atamva kuti sindinakatetezere chikho ananena kuti ndathawa ndi mantha, ndipo inu munawatulutsa m'nyumba, n'kuwauza kuti asadzapondenso pakhomo panu mpaka atapepesa. Akuti patha mwezi simukulankhulana, ndipo adzukulu anu sakubweranso Lamlungu. Achemwali ali pakati, sakudziwa kolowera. Bambo, alamu ananena zoona. Ananena mwachipongwe, monga mwa khalidwe lawo, koma sananame. Chonde aitaneni. Ngati kukuvutani kuwauza ndi pakamwa panu, apatseni kalatayi awerenge okha. Akafuna kuseka aseke, aziseka ine, osati inu. Inu munateteza mwana wanu chifukwa munam'khulupirira. Wolakwa ndi amene anakuimikani pabodza.

Ndikudziwa kuti zikupwetekani, makamaka poti ndinu munandiphunzitsa masewerawa, ndipo simunandisiyirepo dala kuti ndipambane ngakhale pamene ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kugonja ndinkakudziwa bwino ndili mwana. Sindikudziwa kuti ndinakuiwalira pati. Mukafuna kundiyankha, musafulumire kundikhululukira. Nenani zonse zimene zili kumtima kwanu, ndimva.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi lija ndikuvala. Moni kwa achemwali ndi ana, kwa azakhali, ndi kwa achimwene akamakuimbirani. Kwa alamu, moni ndi kupepesa kwanga.

Loweruka likubwerali ndikupita ku kalabu kukasewera zongocheza. Andiika patebulo la kukhomo, pamene pamakhala ongoyamba kumene, pomwe aliyense wolowa amayamba wakuona. Ndikakhala pomwepo.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
amene akulemba nkhope ili pansi.