Mkwasa pa Tsaya la Clark

Duluth, Minnesota
9 Novembala

Okondedwa achimwene a Dale,

Ndikhulupirira muli bwino ku Alaska kuja. Kuno chipale chayamba kugwa, ndipo adadi akudya bwino, koma ine tulo ndilibe.

Mukukumbukira kadola kawo kagolide ka 1904 kokumbukira ulendo wa Lewis ndi Clark, ka nkhope mbali zonse? Tili ana ankati Lewis ndine, Clark ndinu, ndipo tikakagwira pankhope osati m'mbali, khutu linkapotokoledwa. Anzawo a ku kalabu ya osonkhanitsa ndalama zakale anawauza kuti akatswiri oyesa ndalama zotere anakapatsa malikisi ochepa pokamata m'kabokosi kake ka pulasitiki, choncho ndi bwino kuswa kabokosiko n'kutumizanso kadolako kuti akakayese mwatsopano. Manja awo masiku ano amanjenjemera, ndiye ine, wodziwa zonse uja, ndinati, "Bweretsani, adadi, imeneyo ndi ntchito ya mwana."

Achimwene, pulayazi inaterereka. Clark ali ndi mkwasa patsaya, wopyapyala ngati tsitsi, ndipo mukudziwa kuti kwa anthu osonkhanitsa ndalamawa basi mtengo wake watha.

Ndisanakakulunge, adadi anati akatsanzike. Anaika kagalasi kawo kokuzira zinthu padiso, n'kukayang'anitsitsa.

"Lorna, apa pali mzere. Ukuuona?"

Ndinasuzumira. Ndinauona bwinobwino.

"Mzere uti, adadi? Palibe kanthu apa. Kakuwala mbee!"

Anapukuta kagalasi, anapukuta diso, anayang'ananso. "Ndiye kuti ndi maso angawa," anatero. "Ayamba kundinamiza."

Kuyambira pamenepo ku kalabu anasiya, akuti wokalamba woona mizere yopanda pake angochititsa manyazi. Makiyi a galimoto anawapachika okha pamsomali, akuti sayendetsanso. Dzulo anandipatsa kagalasi kaja, amvekere, "Tenga, mwanawe, m'nyumba muno maso odalirika ndi ako." Ndinathawira kubafa kukalira. Manyazi andigwira, sindikunama.

Kadolako sindinatumize, kali m'dirowa yanga pansi pa masokosi. Wamakalata akangodutsa, adadi amafunsa ngati ana awo, Lewis ndi Clark, abwerako.

Ndikupempha chimodzi. Imbani Lamlungu masana, mukhale pa foni pamene ndikuwauza zoona, chifukwa ndekha ndayesa, ndalephera. Mundikalipire pambuyo pake, ndiyeneradi.

Moni kwa alamu anga ndi ana. Adadi nawonso akupereka moni. Akuti mubwere pa Khirisimasi ino osati yamawa, akufuna aone nkhope yanu maso asanatheretu.

Ndine mlongo wanu,
Lorna